Magiredi a sayansi akatsika: njira zokwezera GPA kwa ofuna udokotala ku America

Kwathu ku Malawi, mwana akakhoza bwino MSCE n'kusankhidwa kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, amayamba ndi chaka chokonzekera kenako n'kulowa mu MBBS, ulendo wa udokotala wayambika. Ku America sizili choncho. Munthu amayamba wamaliza digiri ya zaka 4 pa phunziro lililonse limene wasankha, ndipo akatero m'pamene amafunsira malo kusukulu ya udokotala, komwe akakhalenso zaka zina 4. Choncho giredi iliyonse ya pa digiri yoyambayo imamulondola, ngakhale ija ya semesita yoyamba, nthawi imene anali asanazolowere chisanu, ntchito ya usiku ndi kalasi ya General Chemistry yodzaza anthu mazana. Mabanja ambiri a kwathu okhala ku Indiana, ku Texas ndi madera ena amadzazindikira zimenezi mochedwa, mwana ali kale m'chaka chachitatu, ma C awiri kapena atatu ali pa transcript, pepala la magiredi ake onse.

Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo zimasiyana kwambiri pa mtengo, nthawi ndi chiopsezo. Ine maganizo anga ndi akuti giredi yakale siifufutika, choncho musataye ndalama pofuna kuifufuta. Chimene mungathe ndi kusonyeza, kudzera m'makosi ovuta a posachedwapa, kuti munthu amene anapeza C uja anasintha. Njira yabwino ndi imene ingakupatseni umboni umenewo pa mtengo wotsika kuposa zonse.

Yambani ndi kawerengedwe kake

Digiri za udokotala ku America zilipo ziwiri, MD ndi DO. Masukulu ambiri opereka digiri ya MD amalandira mafomu kudzera ku AMCAS, yomwe imayendetsedwa ndi AAMC, bungwe la masukulu a udokotala. Opereka digiri ya DO amagwiritsa ntchito AACOMAS, ndipo masukulu aboma a ku Texas ali ndi yawoyawo yotchedwa TMDSAS. Onsewa satenga GPA, kutanthauza avereji ya magiredi, imene koleji yanu inalemba. Amawerenga okha, kosi ndi kosi.

AMCAS imaika padera magiredi a Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, omwe pamodzi amatchedwa BCPM, ndipo imeneyi ndiyo anthu amati GPA ya sayansi. A ndi 4.0, A- ndi 3.7, B+ ndi 3.3, B ndi 3.0, C ndi 2.0, ndipo A+ saposa 4.0. Mukabwereza kosi, magiredi onse awiri amawerengedwa, ngakhale koleji yanu itachotsa yoyambayo pa GPA yake. Ambiri amagwa m'mbuna pamenepa: pepala la kukoleji likuti 3.5, koma AMCAS ikawerenga kukutuluka 3.3. AACOMAS kale inkalola kuti giredi yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, koma inasiya mu 2017. Mukamva wina akulangiza kuti ingobwerezani, a DO amafufuta, dziwani kuti akunena za kale. Kusiyana kwina n'kwakuti AACOMAS siika masamu mu GPA ya sayansi, ndiye amene anavutika ndi Calculus amaoneka bwinoko kumeneko.

Pa zaka zaposachedwapa, avereji ya olowa masukulu a MD yakhala pafupifupi 3.8 pa GPA yonse, 3.7 pa sayansi, ndi 511 kapena 512 pa mayeso olowera kusukulu ya udokotala otchedwa MCAT, omwe malikisi ake amayambira pa 472 kulekezera pa 528. Ku DO avereji imakhala yotsikirapo, GPA cha m'ma 3.6 ndi MCAT cha m'ma 504. Alipo ambiri olowa ndi manambala ochepera pamenepo, koma amakhala ndi china chowayankhulira.

Tsono musanalipire kalikonse, khalani pansi ndi pepala ndi cholembera. Tiyerekeze kuti wophunzira ali ndi makirediti (muyezo wa kulemera kwa kosi) 60 a sayansi pa GPA ya 3.0. Mapointi ake ndi 180. Akawonjezera makirediti 30, omwe ndi pafupifupi chaka chathunthu, onse n'kupeza A, mapointi akhala 300 pa makirediti 90, GPA 3.33. Chaka china chotero chimufikitsa pa 3.5. Kuti afike pa 3.6 afunika makirediti 90 a ma A okhaokha, zaka zitatu osaphonya ngakhale kamodzi. Pomwe mnzake wa chaka choyamba, amene ali ndi makirediti 16 okha pa 3.0 yomweyo, makirediti 30 a A amukweza kufika pa 3.65. Zili ngati mchere ukachuluka mu ndiwo: kuuchotsa simungathe, mumangowonjezera madzi, ndipo mphika ukakhala waukulu madzinso amafunika ambiri. Masamu amenewa ndiwo akuuzeni njira imene ikukuyenerani. Wa makirediti ochepa akhoza kukonza nambala yeniyeniyo. Wa makirediti ambiri nambala sizimuyendera msanga, ndiye aike mtima pa kuonetsa kuti makirediti ake 30 kapena 40 omaliza ndi oyera.

Kubwereza kosi kapena kupita patsogolo?

Funso ili ndilo limavutitsa anthu kwambiri. Mwapeza C mu Organic Chemistry I ya makirediti 4. Mukaibwereza n'kupeza A, AMCAS iwerenga makirediti 8, avereji yake 3.0. Mukaisiya n'kutenga Biochemistry ya makirediti 4 n'kupeza A, masamu ake ndi omwewo ndendende. Kusiyana kuli pa zimene wowerenga fomu yanu aone. A wa kosi yobwereza amayembekezeka, poti zinthuzo mukuziona kachiwiri, ndipo mukapeza B ndiye mwadzichitira umboni woipa. A wa Biochemistry akunena kuti munadutsa pamene munagwa n'kukhoza chinthu chovuta kuposa pamenepo.

Choncho C wamba ine ndimati musabwereze. Bwerezani pa zifukwa ziwiri zokha. Choyamba, giredi ikakhala C-, D kapena F pa kosi imene masukulu amaifuna, chifukwa ambiri salandira giredi yochepera C pa makosi amenewa. Chachiwiri, ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti C uja munamupeza mwamwayi ndipo maziko mulibe. Munthu amene sanamvetse za ma acid ndi ma base mu General Chemistry II akavutika mu Organic, akavutikanso mu Biochemistry, kenako pa MCAT. Wotereyu abwerere, ngakhale nambala isasinthe kwenikweni.

Makosi apamwamba oyenera kuwaganizira ndi amene amafanana ndi za chaka choyamba cha udokotala: Biochemistry, Physiology, Genetics, Cell Biology, Microbiology, Immunology, Histology. Physiology ndi Biochemistry ndizo ndingaike patsogolo, chifukwa zimakuthandizaninso pa MCAT.

Pali chinyengo chimene ophunzira amauzana, chodzaza ndandanda ndi makosi ophweka amene amawerengedwa ngati sayansi. N'zoona kuti Astronomy AMCAS imaiika mu Physics, ndipo Ecology ndi Botany zili mu Biology. Imodzi kapena ziwiri sizilakwika, makamaka pa semesita yolemera. Koma a komiti yosankha ophunzira amaona mndandanda wonse wa makosi anu, ndipo munthu wa chaka chomaliza amene wangotola makosi a chaka choyamba amadziwika msanga. Chenjeraninso ndi makosi omveka ngati sayansi koma osalowa mu BCPM. Nutrition, Public Health, Nursing, Kinesiology ndi Pharmacology AMCAS imaziika m'gulu la zaumoyo, Psychology ili kwina, Engineering nayonso kwina. Koma Statistics, Biostatistics ndi Neuroscience zimalowa. Chimene amayang'ana ndi zimene zimaphunzitsidwa m'kosimo, osati dzina la dipatimenti, choncho sungani silabasi ya kosi iliyonse yokayikitsa.

Nkhani ya major, phunziro lalikulu la digiri

Apa ndilankhule ndi makolo. Palibe sukulu ya udokotala ku America imene imafuna digiri ya Biology. Oposa theka la ofunsira malo amakhala a Biology ndi maphunziro ofanana nayo, koma a History, Music, Economics kapena masamu amalowanso, bola amalize makosi ofunika. Makosiwo nthawi zambiri ndi chaka cha Biology, chaka cha General Chemistry, chaka cha Physics, Organic Chemistry, zonsezi ndi labotale, kuphatikiza Biochemistry, Chingerezi ndi masamu kapena Statistics. Sukulu iliyonse ili ndi zofuna zake, ndipo zimapezeka pa MSAR, mndandanda wa masukulu wa AAMC.

Ubwino wa Biology ndi wakuti makosi ofunikawo ali kale m'kati mwa digiri, komanso makirediti a sayansi amachuluka, kotero C mmodzi amasungunuka. Kuipa kwake n'kwakuti udokotala ukakanika, digiri ya Biology yokha siipezetsa ntchito yabwino msanga. Wa History amakhala ndi makirediti ochepa a sayansi, ndiye giredi iliyonse imalemera. Akakhoza amaoneka bwino kwambiri, akaphonya kawiri GPA ya sayansi imagwa. Engineering imapezetsa ntchito, koma imadya GPA, ndipo komiti siimuwonjezera munthu mapointi chifukwa choti anasankha zovuta. Nursing ndi njira imene mabanja athu amaikonda poti ntchito yake siisowa, koma makosi ake a Chemistry ndi Microbiology nthawi zambiri amakhala a anamwino okha, ndipo masukulu ambiri a udokotala sawalandira m'malo mwa aja a ophunzira sayansi. Mwana akamaliza amayenera kuyambiranso ena.

Ine ndingati mwana asankhe phunziro limene angaliwerenge popanda womukakamiza, chifukwa ma A amachokera kumeneko. Ngati major ndiyo ikumumiza, kusintha si manyazi.

Kasanjidwe ka makosi nakonso kamapulumutsa anthu ambiri. Organic Chemistry, Physics ndi Calculus pa semesita imodzi, iliyonse ndi homuweki yake ndi malipoti a labotale, n'kudzitchera msampha. Physics yogwiritsa ntchito algebra imalandiridwa, palibe chifukwa chothamangira ya calculus ngati major yanu siikuifuna. Makosi a chilimwe amapanikiza ntchito ya masabata 15 m'masabata 6 kapena 8, ndiye ndi abwino kwa munthu amene alibe ntchito ina nthawi imeneyo. Ndipo mukaona pakati pa semesita kuti mukupita ku D, kutuluka m'kosi nthawi yake isanathe kumasiya W, yemwe salowa mu GPA. W mmodzi kapena awiri sapha munthu. D ndiye amakhala mpaka kalekale.

Digiri ikatha: njira zinayi, mitengo yosiyana

Yotsika mtengo kuposa zonse ndi kudzikonzera nokha post-bacc, makosi owonjezera a mulingo wa digiri yoyamba amene mumatenga digiri itatha. Mumalembetsa pa yunivesite yaboma ya m'dera lanu ngati wophunzira wosafuna digiri, n'kumatenga makosi apamwamba a sayansi awiri kapena atatu pa semesita. Magiredi ake amalowa mu GPA ya digiri yoyamba, ndipo AMCAS imawaonetsanso pa mzere wawowawo, kotero kusintha kwanu kumaoneka poyera. Zovuta zake n'zakuti olembetsa motere nthawi zambiri amakhala omaliza kusankha makalasi, thandizo la fizi limavuta, ndipo mlangizi mulibe. Amene sanamalize digiri angachite bwino kuchedwetsa graduation ndi semesita imodzi kapena ziwiri, chifukwa akadali wophunzira wa pakolejipo makalasi ndi alangizi amawapeza mosavuta. Kwa munthu wa GPA ya sayansi pakati pa 3.0 ndi 3.4, iyi ndiyo njira imene ndingayambire.

Ma community college, makoleji a zaka 2, ndi otsika mtengo kwambiri, ndipo amakhala ndi makalasi a madzulo othandiza ogwira ntchito. Masukulu ambiri amalandira makosi ake, ena amanena poyera kuti amakonda a yunivesite ya zaka 4. Kwa amene anayambira kumeneko n'kusamukira ku yunivesite palibe vuto. Koma kwa amene anagwa pa yunivesite n'kukapeza ma A ku community college, funso limatsala m'mutu mwa wowerenga fomu, komanso makosi apamwamba kumeneko ndi ochepa. Ngati thumba likukukakamizani, yambirani kumeneko, koma makosi angapo omaliza akhale a pa yunivesite.

Post-bacc yokonzedwa ndi sukulu ili mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Mapulogalamu otchuka ngati a Bryn Mawr ndi Goucher ndi a anthu osintha ntchito, amene sanachitepo makosi a sayansiwa, ndipo amafuna GPA yabwino kale. Wofuna kukonza magiredi asataye ndalama ya fomu kumeneko. Afufuze mapulogalamu olembedwa kuti ndi okweza mbiri ya maphunziro, omwe AAMC ili ndi mndandanda wake. Chimene mumagula ndi ndalama zowonjezerazo ndi mlangizi, kalata yokuchitirani umboni yochokera ku komiti ya pulogalamuyo, kukonzekera MCAT, ndipo ena ali ndi mgwirizano ndi masukulu a udokotala. Funsani manambala musanalipire: mwa amene anayamba pulogalamuyo, osati amene anamaliza okha, ndi angati analowa, ndipo analowa kuti.

Kenako pali Special Master's Program, yomwe anthu amangoti SMP. Ya ku Georgetown inayamba mu 1975 ndipo ndiyo yakale pa onse. Kwa chaka chimodzi mumaphunzira makosi ofanana ndi a chaka choyamba cha udokotala. Mukakhoza bwino, umboni wake ndi wamphamvu kuposa wina uliwonse, poti mwaonetsa kuti ntchito yeniyeniyo mukuitha. Koma mtengo wake ndi waukulu, ena amapitirira madola 50,000 pa chaka chimodzicho, ndipo magiredi ake amalowa mu GPA ya masitazi, yomwe imaima payokha. GPA ya digiri yoyamba imakhala pomwe inali. Choopsa kwambiri n'chakuti mukapeza ma B ambiri, mwatsimikizira komiti zimene inkakayikira, ngongole ili pamutu, ndipo chitseko china chogogoda chimasowa. SMP ndi ya munthu amene makirediti ake ndi ochuluka moti nambala siingasunthenso, amene waonetsa kale ma A pa semesita ziwiri za makosi ovuta, ndipo MCAT yake ili bwino. Kulowamo musanadziwe chimene chinakugwetsani poyamba n'kutchova juga ndi ndalama za banja.

Masitazi wamba, monga ya Public Health, ndi yabwino pa zifukwa zake, koma magiredi a sayansi siikonza. Musaitenge ndi cholinga chimenecho.

Za DO ndinene mwachidule, chifukwa mabanja ena amaiona ngati yachiwiri. Dokotala wa DO ku America ali ndi chilolezo chonse, amalemba mankhwala, amachita opaleshoni, ndipo amafunsira malo a residency, maphunziro a kuchipatala akamaliza sukulu, pamodzi ndi a MD. Wa GPA ya 3.4 amene wakweza magiredi ake posachedwapa azifunsira mbali zonse ziwiri. Masukulu a ku Caribbean amalandira mosavuta, koma osiyira panjira amachuluka ndipo kupeza residency kumavutirapo, ndiye asakhale poyambira. Okhala ku Texas ali ndi mwayi wina, lamulo la Academic Fresh Start, lolola kuti magiredi a zaka 10 zapitazo kapena kuposa asawerengedwe ku masukulu aboma a ku Texas. Limathandiza amene anasiya sukulu kalekale, koma makirediti onse a nthawi imeneyo amatayika limodzi, abwino ndi oipa omwe.

Chinakugwetsani n'chiyani?

Njira zonsezi n'zachabe ngati kawerengedwe kanu sikasintha. Taganizirani mtsikana amene akugwira ntchito ya CNA, yothandizira anamwino, usiku, kutembenuza odwala ndi kusintha zofunda mpaka 7 koloko m'mawa, 9 koloko ali m'labotale akuyeza madontho a titration maso ali psuu, kwinaku foni ikulira za fizi ya mng'ono wake kumudzi. Vuto lake si nzeru. Mankhwala ake ndi kuchepetsa makirediti kapena maola a ntchito, ngakhale digiri ichedwe ndi chaka. Makolo ndi abale, ngati mungathe kumupeputsira katundu kwa semesita ziwiri zokha, mwamuchitira zazikulu kuposa kumulipirira SMP.

Ena vuto ndi kuloweza. Ambirife tinakhoza sekondale poloweza manotsi, ndipo General Biology imalola zimenezo. Organic Chemistry siilola. Pa mayeso amakupatsani molekyu imene simunaionepo, n'kukuuzani kuti mujambule mivi yosonyeza kumene ma electron akupita. Wowerenga manotsi kasanu n'kupaka inki yachikasu amamva ngati akudziwa, koma pepala likabwera dzanja limauma. Chothandiza ndi kutseka buku, kutenga pepala lopanda kanthu n'kuchita mafunso tsiku lililonse, kenako n'kupita ndi amene akukanikani ku ofesi ya mphunzitsi pa maola amene anaika. Ana athu ambiri amachita manyazi kugogoda pa ofesi ya pulofesa, poti tinaleredwa kuti wamkulu savutitsidwa. Kumeneko maola amenewo anawaikira inu, ndipo pulofesa amene wakuonani mukulimbana ndi mafunso sabata ndi sabata ndiye adzakulembereni kalata yabwino.

MCAT yabwino imathandiza kuchotsa chikayiko, koma siifufuta GPA. Musailembe musanamalize Biochemistry, ndipo Psychology ndi Sociology zikuthandizani pa gawo limodzi mwa magawo ake 4. Malikisi a ulendo uliwonse umene mwalemba amaoneka kwa masukulu, choncho si mayeso oyeserera.

Kwa amene alibe green card, ndi amene digiri anaitengera kwathu

Wophunzira wa viza ya ophunzira ya F-1 adziwe msanga kuti masukulu a udokotala olandira anthu akunja ndi ochepa, ngongole za boma la America sapatsidwa, ndipo masukulu ena amafuna umboni wa ndalama za zaka zonse asanayambe. Lamulo la viza limafunanso kuti akhale ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, ndiye njira yotenga makosi awiri okha kwa iye siitheka mosavuta. Ayang'ane pa MSAR masukulu amene angamulandire asanawononge ndalama pa post-bacc.

Amene anabwera ndi digiri ya ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lusaka, nkhani yake ndi ina. Magiredi a yunivesite za kunja kwa America ndi Canada salowa mu GPA ya AMCAS, ndipo masukulu ambiri amafuna kuti makosi ofunika achitidwire ku America kapena ku Canada, kwa chaka chimodzi kapena kuposa. Zimawawa kubwereza Chemistry imene munakhoza kale, koma GPA yanu imayambira pa makosi atsopanowo, ndipo zinthuzo mukuzidziwa. Wotereyu post-bacc yodzikonzera pa yunivesite yaboma imamuyenera kwambiri.

Chomaliza ndi nthawi. AMCAS imatsegulidwa mu Meyi, mafomu amayamba kutumizidwa kumapeto kwa mwezi womwewo kapena kuchiyambi kwa Juni, ndipo masukulu ambiri amapereka malo pamene mafomu akufika, kotero wotumiza msanga ali ndi mwayi. Koma GPA imene yawerengedwa pa fomuyo siisinthanso chaka chimenecho, ngakhale mutapeza ma A anayi mu Disembala. Ngati makosi okuwombolani mukuwachita panopa, dikirani alowe pa transcript, mudzafunsire chaka chamawa. Wofunsira kachiwiri amafunsidwa chimene chasintha kuchokera ulendo woyamba, ndipo ndalama za mafomu oyambawo sizibwezedwa.